Liwu, Lembo ndi Phatikizo: Ndemanga pa Silabasi ya KKK ya ku Tanzania

M'chaka cha 2015 dziko la Tanzania linasintha maphunziro a Sitandade 1 ndi 2. Bungwe lokonza masilabasi la Taasisi ya Elimu Tanzania, la ku Dar es Salaam, linachepetsa maphunziro kuti nthawi yambiri ipite ku kuwerenga, kulemba ndi masamu, zimene m'Chiswahili amazifupikitsa kuti KKK. Pa gawo la kuwerenga, silabasiyo inaika patsogolo kuzindikira maliwu ndi kulumikiza liwu ndi lembo lake. Mu 2016 Malaŵi nayenso anayamba ndondomeko ya kuwerenga yomangidwa pa maziko omwewo. Mazikowo ndi amene tikufuna kuwaunika.

Cholinga chake sitikuchitsutsa. Kalembedwe ka Chiswahili, kamene kanakambidwa pa msonkhano wa ku Dar es Salaam mu 1925 ndi kulongosoledwa ndi komiti yokhazikitsidwa mu 1930, kamatsata katchulidwe mokhulupirika, monganso ka Chichewa. Mwana akangogwira mfundo yakuti lembo limaimira liwu, angathe kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Amene anaphunzira ndi buku la Sosa akudziwa mmene njira yakale inkasokonekera m'kalasi lodzaza: ana ankaimba ba be bi bo bu mokoma, maso ali pa zenera, koma ukawalozera "bo" payekha kunali zii.

Dandaulo lathu lili pa gwero la njira yatsopanoyi. Kutchula liwu limodzilimodzi kunakulira m'Chingerezi, m'mene mawu ambiri amathera ndi lembo lopanda liwu. M'zilankhulo zathu phatikizo limathera ndi a, e, i, o kapena u, kupatula m'mawu ena obwereka. Mphunzitsi akauzidwa kuti atchule b payekha, chimene chimatuluka ndi "bu" kapena "ba", ndipo mwana womvera bwino akaphatikiza ndi a amapeza "bua". Sanalakwe mwanayo. (Nkoyenera kukumbukira kuti galamala ya Chichewa inatcha malembo amenewa "opanda liwu", ndipo lero mphunzitsi yemweyo akufunsidwa kuphunzitsa liwu lake.) Tsono ife tikuti liwu liphunzitsidwe ndithu, poyambira pa amene amakokeka monga m, n ndi s, koma lisagone lokha: lilowe m'phatikizo tsiku lomwelo.

Chachikulu koposa ndi ichi. Mfundo yakuti lembo limodzi liwu limodzi imatha mphamvu pa malo enieni amene ana amapunthwa. Taonani m wa Chiswahili. Mu "mbuzi" amamatirira kwa b ndipo maphatikizo ndi awiri, mbu-zi. Mu "mbwa" ndi "mtu" m yemweyo ndi phatikizo pa yekha: m-bwa, m-tu. Diso silingathe kusiyanitsa zimenezi. Khutu la mwana woyankhula chilankhulocho ndi limene limadziwa. Chichewa chinayesa kuthandiza diso posiyanitsa "mbale" yodyeramo ndi "m'bale" wobadwa naye, koma kachizindikiro komweko mu "ng'ombe" kakugwira ntchito ina, yosiyanitsa liwu limenelo ndi la mu "ngoma" ya Chiswahili kapena "ngolo" yathu. Phunziro loyenda motsata alifabeti limafika pa zimenezi mochedwa, pamene mwana amakumana nazo m'chiganizo choyamba chonena za pakhomo pawo.

Pa chifukwa chomwechi tikuchenjeza anzathu amene amaganiza kuti ndondomeko ya maphunziro yokonzedwa ku Dar es Salaam ingangosamutsidwira ku Domasi kapena ku Chipata popeza zonse ndi zilankhulo za Chibantu. Malembo th mu "thelathini" akuimira liwu lochokera ku Chiarabu, lotchulidwa lilime lili pa mano. Mu "thumba" wa Chichewa akuimira t wotuluka ndi mpweya. Kwa ife h ameneyu si wapambali ayi, pakuti ndiye amasiyanitsa "kola" ndi "khola", "pala" ndi "phala", motero ayenera kubwera msanga.

Za l ndi r ndiye zikusemphana kotheratu. M'Chiswahili ndi maliwu awiri, ndipo mwana wosawasiyanitsa adzasokoneza "kalamu", cholembera, ndi "karamu", phwando. M'Chichewa ndi liwu limodzi lolembedwa pawiri: r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga mu "bwera" ndi "lira", l kwina konse. Mphunzitsi wa ku Lilongwe amene akuumiriza ana kumva maliwu awiri pamenepa akuwafunsa chinthu chimene m'chilankhulo chawo mulibe. Chofunika kuwapatsa ndi lamulo la kalembedwe, ndipo nthawi yake ndi ya phunziro la kulemba.