Mapazi a wokankha bwato pa Chilwa

Mphwanga anandionetsa kanema pa foni yake. Mnyamata waima pa kathabwa, m'chiuno wamanga lamba, ndipo kaiti wamkulu ngati denga la khitchini akumukoka pamwamba pa madzi ndi zingwe zotalika mamita oposa 20. Amati masewerawa ndi kiteboarding. Kaiti wake wopopa mpweya, amene samira akagwa m'madzi, anamuyambitsa ndi anthu awiri apachibale a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2024 masewerawa analowa mu Olympics, mpikisano wake n'kuchitikira ku Marseille. Palinso m'bale wake wakeboarding, amene woseweretsa thabwa amakokedwa ndi boti la injini n'kumadumpha mafunde amene botilo lasiya m'mbuyo. Mphwanga maso anali pa kaiti. Ine maso anga anakakamira pa maondo ndi mapazi a mnyamatayo, chifukwa kaimidwe kameneko ndinakaonapo kwathu konkuno, pa dooko la Swang'oma, kumene boma la Phalombe limathera m'madzi a nyanja ya Chilwa.

Chilwa ndi nyanja yopanda potulukira. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Thondwe, Likangala ndi Domasi imathira momwemo, ndipo madziwo amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa. N'chifukwa chake ali ndi kamchere, ndiponso ndi amatope moti ukaviika dzanja mpaka m'chigongono zala suzionanso. Malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Pa nyanja yotere nkhafi imagwira ntchito, inde, koma chida cha katswiri ndi nsungwi yaitali imene amaponda nayo pansi n'kukankha bwato.

Tsiku limene ndinakwera, amene ankakankha anali bambo wachikulire ndithu, woonda, wa zikhatho zolimba ngati khungwa. Sindinawafunse zambiri, chifukwa munthu ali pa ntchito safuna womucheza. Atandiona ndikugwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse, anangoti, "Khalani pansi penipeni, achimwene, musalimbane nalo." Basi. Kuyambira pamenepo ndinangoyang'ana.

Amaima kumbuyo, pamalo opapatiza moti mapazi awiri sangakwane mbali ndi mbali. Phazi limodzi limakhala kutsogolo, lina kumbuyo chopingasa pang'ono, zala zitatambasuka ngati zikugwira thabwa. Maondo sawongoka, amakhala opinda pang'ono nthawi zonse. Funde likanyamula bwato, maondo amalimeza fundelo, ndipo mutu wa munthuyo sugwedera n'komwe. Ndinayesa kuyang'ana chipewa chawo pofanizira ndi phiri la Mulanje limene linali kumbuyo kwawo: bwato limakwera n'kutsika, koma chipewa chinali pamzera umodzi ndi phiri. Mnyamata wa pa kanema uja amachita zomwezi pa thabwa lake, kuchokera m'chiuno kupita m'munsi thupi lili lofewa, kuchokera m'chiuno kupita m'mwamba lili phee.

Nsungwi saiponya mwachisawawa. Amailola kutsetsereka m'manja mpaka igunde pansi, pafupi ndi nthiti ya bwato, itapendekera kale kumbuyo. Kenako manja amakwera nsungwiyo, lina pamwamba pa linzake, thupi lonse likutsamira. Mphamvu yokankha sichokera m'mikono. Imachokera ku kulemera kwa munthu, imadutsa m'miyendo, n'kukalowa m'bwato kudzera m'mapazi, ndiye kunena zoona bwato amalikankha ndi mapazi. Apa m'pamene wophunzira amatopera: iye amakankha ndi mapewa, ndipo asanafike pakati pa ulendo manja atupa kale.

Chovuta kwambiri chimabwera pomaliza. Pansi pa Chilwa pali thope lomata, ndipo nsungwi ikalowa kwambiri limaigwira. Bwato likupita, nsungwi yatsala. Wosadziwa amaumirira kukoka, ndipo mapeto ake amatsala yekha atakakamira nsungwi, bwato litamuthawa kumapazi. Bambo aja, manja akafika kumapeto, ankaipotokola pang'ono ndi mkono, kamodzi kokha, ndipo thope linkaisiya mosavuta. Akaizula sainyamula msanga. Amaisiya ikukhukhuluzika m'madzi kumbuyo kwa bwato, n'kuikhotetsa uku kapena uko, ndiye nsungwi yomweyo yasanduka chiwongolero. Kuponda, kukwera, kupotokola, kuwongolera: zonsezi zimachitika mu mpweya umodzi, ndipo amabwereza maulendo osawerengeka popanda phokoso lina kupatula madontho ogwa kuchokera ku nsungwi.

Chimene chinandigometsa koposa n'chakuti nsungwiyo ndi diso lawo. Popeza madzi saonetsa pansi, munthuyo amamva ndi zikhatho: apa ndi mchenga, nsungwi yagunda molimba, apa ndi thope lakuya, tiponde mopepuka, apa ndi mizu ya njedza yakale. Chifukwa cha zimenezi amadziwa pamene ali ngakhale kukuda. M'mphepete mwa nyanjayi muli dambo lalikulu la njedza zotalika kuposa munthu woimirira, ndipo asodzi anadulamo tinjira tawo. Kwa ine tinjirato tinali tofanana tonse. Iwo ankalowa aka n'kusiya ako mosakayika, mpaka tinatulukira poyera pamene pali zimbowera, tinyumba ta asodzi timene amamanga pamwamba pa udzu woyandama n'kumagonamo masabata angapo akuvuula matemba, makumba ndi milamba.

Kunja kwa njedza ndiye kuli mphepo, ndipo apa luso lawo limakumana maso ndi maso ndi la anthu a kaiti. Mwera umaomba kuchokera kummwera, makamaka miyezi yozizira ija ya June ndi July. Gombe la Phalombe lili kummwera kwa nyanja, kutanthauza kuti mwera umachokera kumtunda n'kuloza pakati pa madzi. Mphepo yotere ndi yonyenga. Pafupi ndi dooko madzi amakhala bata, chifukwa mphepo sinapeze mtunda wokwanira kuutsa mafunde. Ukamapita umamva kukoma, ikukukankha kumsana. Koma ukatalikira mafunde amakula, ndipo pa madzi osaya mafunde amakhala aafupi, otsatizana, omenya bwato motsatanatsatana osalipatsa mpata wopuma. Pobwerera mphepo yonse ija ili kumaso. Aphunzitsi a kiteboarding kulikonse amachenjeza ophunzira awo za mphepo yochokera kumtunda pa chifukwa chomwechi, kuti imakutenga osakubweza. Msodzi wa ku Swang'oma amazidziwa kuyambira ali mwana wokapa madzi m'bwato la atsibweni ake.

Ndiye amawerenga. Amayang'ana nsonga za njedza, amayang'ana mtundu wa madzi patali, chifukwa pamene mphepo yatsikira madzi amada n'kuchita timakwinya. Amayang'ana mitambo pa Mulanje ndi pa Michesi. Amanyamuka m'mamawa kusanaombe, ndipo ngati mwera wamupeza kutali salimbana nawo pakati. Amakhotera m'mphepete mwa njedza, kumene udzu umathyola mphepo, ngakhale njira italike kawiri. Akamadutsa mafunde sapereka nthiti ya bwato, amalowetsa mphuno chopendekera, ndipo amadikira funde lidutse asanaponde nsungwi. Pobwerera tsiku lija bambo aja anasuntha thumba la matemba ouma n'kulikokera chakumbuyo pang'ono, mphuno ya bwato inadzuka, ndipo madzi amene ankatithira analeka. Kusuntha kwake sikunapitirire dzanja limodzi.

Ndinaonanso ena atakweza thanga la matumba osokedwa pamodzi, litamangidwa pa nsungwi ziwiri, mwera ukuwatengera kumpoto popanda wokankha. Thanga lotere limayenda ndi mphepo yakumsana basi. Apa ndivomereze kuti wa kaiti amawaposa: iye amazika m'mphepete mwa thabwa lake m'madzi n'kumadula mphepo chokhotakhota mpaka kubwerera kumene anachokera. Bwato la pa Chilwa lilibe chozika pansi, ndipo silingakhale nacho pa madzi ofika m'chiuno. Koma wa kaiti wanyamula thupi lake lokha. Uyu wanyamula khoka lonyowa, nkhuni, ufa, amayi awiri ogula nsomba ndi mwana kumsana, ndipo palibe boti lopulumutsa limene likumutsatira. Akalakwitsa salakwitsa yekha. Kwa ine luso limene limasenza miyoyo ya anthu ena ndi lolemera kuposa limene limasenza mendulo, ngakhale kuti onsewo ndimawachitira ulemu.

Luso limeneli lili ndi mdani wake, amene ndi nyanja yomweyo. Chilwa anauma mu 1968, anaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda wapansi pamene kale ankaponda nsungwi. Mabwato anagona pa thope long'ambika, matabwa n'kumasiyana. Asodzi ena anapita ku Malombe ndi ku nyanja ya Malawi, ena anagwira khasu. Madzi akabwerera, monga anabwerera mwamphamvu pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023, amene anasiya maliro ambiri m'boma lino, nyanja sikhala momwe inalili. Tinjira takale tatsekeka, mchenga wasamuka, pamene panali posaya pazama. Wokankha amayambanso kuphunzira pansi pa nyanja ndi zikhatho zake, malo ndi malo. Boma linalembetsa Chilwa ngati dambo loyamba la Malawi pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, makamaka chifukwa cha mbalame zake, ndipo zolembedwa za mbalame ndi nsomba za m'nyanjayi zilipo zambiri. Mapu a pansi pake amene amagwiradi ntchito tsiku ndi tsiku ali m'manja mwa anthu awa.

Injini zikuchuluka pa madooko, ndipo sindingamunene munthu amene wagula injini kuti afike msanga. Koma injini imakodwa m'udzu, imakana madzi akaphwa, ndipo mafuta akatha pakati pa nyanja aliyense amayang'ana amene akudziwa kugwira nsungwi. N'chifukwa chake ngakhale m'boti la injini mumaipeza itagonekedwa m'mbali.

Mukadzafika ku Swang'oma, musathamangire kukhala kutsogolo kuti muone nyanja. Khalani chakumbuyo, pansi penipeni, mutembenuke, ndipo muyang'ane mapazi a amene akukuwolotsani.