Chikalata cha 1989 chimene chinkaopa kuiwala

Mu Malichi 1989, Tim Berners-Lee analembera akuluakulu a CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi Geneva, chikalata chotchedwa Information Management: A Proposal. Ambiri amachikumbukira ngati chiyambi cha World Wide Web, koma ukachiwerenga mofatsa umapeza kuti chinkalimbana ndi funso lakale: anthu ambiri ogwira ntchito imodzi angasunge bwanji zimene akudziwa?

Mlembiyu akuyambira pa anthu. Akuti ofufuza ambiri amangokhala ku CERN zaka ziwiri, ndipo akamachoka amanyamula zonse zimene zili m'mutu mwawo. Wobwera kumene amayenda uku ndi uku kufunsa amene analemba pulogalamu yakuti, kapena kumene kuli zolemba za chipangizo chakuti.

Atatero akukana njira ziwiri zimene zinalipo kale. Yoyamba ndi yosanja zolemba ngati mtengo, nthambi iliyonse pa thunthu lake. Iye akuti ntchito siyenda choncho: ofufuza amabwerekana zida ndi nzeru mosayang'ana kuti uyu ndi wa gulu liti. Yachiwiri ndi yofufuzira mawu osankhidwiratu, imene imalephera chifukwa anthu awiri sasankha mawu ofanana ponena chinthu chimodzi. M'malo mwake akujambula timizere tozungulira tolumikizidwa ndi mivi, muvi uliwonse ukunena ubale: ichi chimadalira icho, uyu anapanga ichi.

Pali kandime kakafupi kamene nkosavuta kukadumpha. Pamenepo akufuna kuti aliyense azitha kuika ndemanga ndi malumikizo akeake pa zolemba za gulu. Kwa iye, wowerenga ndi wolembanso. Pulogalamu yake yoyamba, ya 1990 pa kompyuta ya NeXT, inkaloladi kuwerenga ndi kusintha masamba. Koma pulogalamu ya Mosaic, imene inafala mu 1993, sinkalola kusintha masamba. Zinatengera wiki ya Ward Cunningham mu 1995, kenako zida monga Google Docs ndi Overleaf, kuti kulembera pamodzi kubwerere.

Zida zamakonozi zimasunga bwino amene anasintha chiganizo ndi tsiku limene anasinthira. Chifukwa chimene anasinthira nthawi zambiri chimatsalira m'ndemanga zimene zimabisika mkangano ukatha. Wokonza chida chatsopano azidzifunsa: mnzathu akachoka, kodi wolowa m'malo mwake adzadziwa chifukwa chimene ndime yachitatu inachotsedwera?