Chala pakati pa nthiti

Chithupsa cha pachiwindi sichionekera pakhungu. Munthu amangotentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda, ndipo ambiri amafika kuchipatala atamwa kale mankhwala a malungo osaona kusintha. Dokotala wodziwa ntchito yake amafunsa funso looneka ngati lasokera: "Bambo, phewa lakumanjali limawawa?" Amatero chifukwa chithupsa chikakhala pamwamba pa chiwindi chimakhudza mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndipo ululu wa mnofu umenewu umakamvekera kuphewa.

Kenako chala. Amachiyendetsa mpata ndi mpata pakati pa nthiti zakumunsi za kumanja, akudinikiza pang'onopang'ono, maso ali pankhope ya wodwalayo osati padzanja. Pamene munthu wanjenjemera n'kubanika ndi ululu, m'pomwepo. Sikani imadzangovomereza zimene chalacho chapeza kale.

Kawirikawiri wolakwa amakhala Entamoeba histolytica, kachilombo koyambitsa kamwazi. Kamalowa ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa, kamaboola matumbo, n'kukwera ndi magazi kukamanga msasa m'chiwindi, nthawi zina kamwaziyo ataiwalika kalekale.

Chimene ndimasilira koposa ndi kuleza mtima kwa dzanja limeneli. Mu 1966 madokotala a ku Durban anasonyeza kuti metronidazole amagonjetsa kachilomboka, ndipo kuyambira pamenepo zithupsa zambiri zotere zimapola ndi mapiritsi okha. Choncho katswiri sathamangira singano. Amapereka mankhwala, n'kumayang'ana ngati thupi lizizire m'masiku ochepa. Koma likakana kuzizira, kapena chithupsa chili mbali yakumanzere ya chiwindi kumene chingaphulikire m'thumba la mtima, amaboola.

Apa m'pofunika kuonetsetsa. Singano imadutsa mokhula pamwamba pa nthiti, osati kunsi kwake, chifukwa kunsi kwa nthiti iliyonse kumadutsa mitsempha. Chiwindi chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma, ndiye dokotala amati, "Gwirani mpweya, bambo," n'kulowa pa kamphindi komweko chiwindi chaima, nsonga ya singano akuitsata pa sikani. Amakoka. Akatuluka mafinya ofiirira ngati phala la mawere, osanunkha, ndi kachilombo kaja. Akatuluka achikasu, onunkha, ndiye kuti muli mabakiteriya, ndipo mankhwala ayenera kusintha tsiku lomwelo.

Wodwala akachira, dokotala wosamala samusiya apite chomwecho. Amamupatsanso mankhwala ena, monga paromomycin, opha tizilombo totsalira m'matumbo kuti asakapatsire a pakhomo pake.