Za Chala Chachikulu ndi Oweruza Zimbale

Chimene chimandiwawa ndikamva anthu a kuno kwa Mkhumba, ngakhalenso akuluakulu olemba m'nyuzipepala za ku Blantyre, akuweruza chimbale cha woimba gitala, n'chakuti onse amathamangira kufunsa ngati nyimbozo zili ndi malangizo ndiponso ngati situdiyo yatulutsa mawu omveka bwino, koma za dzanja limene likukhudza nsambo, kumene kwagona luso lonse, palibe ndi mmodzi yemwe wotsegula pakamwa.

Ine ndinena mosapsatira kuti gitala wa Chimalawi ali m'zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala. Malemu Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankayendetsa chala chachikulu pa nsambo zamawu aakulu mosalekeza ndi mosapupuluma, pamene chamkombaphala chinkalowa m'mipata imene chinzake chasiya, china chikaponda china chikudzuka, kotero kuti womvera pa wailesi ya MBC, posaona woimbayo ndi maso, akadalumbira kuti pali amuna awiri kapena atatu. Ha, kukoma kwake! Nyimbo yotere siyenda ndi mwendo umodzi, pakuti chala chachikulu chimagwira nthawi, chinacho n'kumaizemba, kuichedwerako pang'ono, kenaka n'kuipezanso, ndipo m'kuzembana kumeneko ndimo thupi la womvera limayambira kugwedezeka lokha. Kodi ife, amene tinakulira pa bwalo la tchopa, pamene ng'oma yaikulu ndi zing'onozing'ono zimalankhulana chimodzimodzi, tingalephere bwanji kumva zimenezi? Komatu anayenera kuchokera ku Vienna Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo, amene anakumana ndi Daniel ndi mng'ono wake Donald mu 1967, kuti zala zimenezi zijambulidwe ndi kulembedwa mwaulemu; indedi mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Taonani zimene zinachitikira Allan Namoko, Mlomwe mnzathu wa ku Thyolo, wosaona, mwini banjo ndi gulu la Chimvu River Jazz Band. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chitatuluka mu 1992 pansi pa kampani ya zimbale ya Pamtondo ku Britain, a kunja anachiyamika pochifanizira ndi blues ya ku America, ngati kuti munthuyo anafunika wachibale kutsidya la nyanja kuti alemekezeke, pamene ife eni ake tinkangoti ndi nyimbo zakumudzi, zoyenera pa mowa wa masese. Onsewo anaphonya, chifukwa chimene chimanyamula nyimbo zija ndi kulukana kwa banjo ndi ng'oma zopanga okha, ndipo Namoko anamwalira mu 1995 asanamve woweruza wa kwawo akulongosola zimenezo.

Za oimba amene amakwapula nsambo zonse pamodzi, kukwera ndi kutsika, sindinenapo zambiri. Zimenezo mwana wa kwaya amaziphunzira msanga. Koma mkwiyo wanga uli pa ajambuli a masiku ano, amene woimba akangolowa m'situdiyo amamulanda ntchito ya chala chachikulu n'kuipereka kwa kiyibodi, ng'oma n'kuzipereka kwa kompyuta imene sichedwa kapena kufulumira, gitala n'kumusiyira kamphindi kolira pakati pa ndime. Chimbale chotero chikafika pa msika wa Migowi anyamata okopera nyimbo m'mafoni amachitama kuti n'choyera, wolemba nyuzi nayenso n'kuvomereza, osafunsa n'komwe kuti mwini dzina lili pachikutopo waimbamo ndi zala zingati.