Besi Imakoma Poidula

Kukakhala ukwati kapena dansi ya usiku kudera la Kachulu, msodzi amene ali m'bwato chakufupi ndi chilumba cha Chisi samva mawu a woyimba, samva gitala yaing'ono ngakhale kiyibodi. Chimamufika ndi besi yokha, du du du, ikuyenda pamwamba pa madzi ndi mabango. Palibe zamatsenga apa. Nsambo yaikulu ya gitala ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde la mawu otsika chotere limatalika kupitirira mamita 8. Mitengo, makoma ndi mpweya zimameza mawu okwera, koma otsikawa amangozilambalala n'kumapita.

Poti besi imafika kutali, anthu a zokuzira mawu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, monganso m'misika yambiri m'dziko muno, anayamba kuyesa ukatswiri wawo ndi mtunda. Akamva kuti a ku mudzi wachitatu sanagone, basi ntchito yayenda. Ine ndikuti besi yambiri imene timaimva kumadera kuno ndi yaphokoso koma yosamveka, ndipo chimasowa si mphamvu ayi, ndi kudula.

Gawo lina la mlanduwu ndi la magetsi. Midzi yambiri kuchokera ku Jali kutsikira kunyanja imadalira jenereta, batire ndi sola. Mwa mawu onse a bandi, otsika ndiwo amadya magetsi kwambiri, chifukwa sipika iyenera kukankha mpweya wochuluka kuti awatulutse. Jenereta ikakhala yaing'ono, ng'oma ndi besi zikagunda limodzi mphamvu imatsika, ampulifaya imabanika, ndipo m'malo mwa liwu loyera mumatuluka mkonono. Onjezani mabokosi okhomedwa ndi kalipentala wa pamsika. Ambiri ndi olimba, amapirira fumbi ndi mabampu a panjinga, ndipo amisiriwo ndimawavulira chipewa. Koma kukula kwa bokosi ndi kwa bowo lake kuyenera kugwirizana ndi sipika imene ili m'katimo. Zikasemphana, bokosi limakondera liwu limodzi, moti kaya woyimba wagwira pati, kunja kumamveka chimodzimodzi.

Chodabwitsa n'chakuti ife a Malawi tili ndi mphunzitsi wa besi amene sadziwa magetsi n'komwe. Ndikunena babatoni. Pamene Gerhard Kubik, katswiri wa zoyimba wa ku Austria, anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba m'misewu ya Blantyre mu 1967, anyamata a ku Chileka amenewa ankayimba kwela ndi gitala, chitoliro, chisekese ndi besi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Lero Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ali ndi yake yaitali pafupifupi mamita atatu: mtengo, waya mmodzi, ndi ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe. Amamenya wayayo ndi kamtengo, dzanja lina likuyendetsa botolo. Yobu Maligwa wa Madalitso Band, amene pamodzi ndi Yosefe Kalekeni anachoka m'misewu ya Lilongwe n'kukayimba ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, nayenso chida chake ndi chomwechi. Mvetserani chimbale chawo cha Wasalala cha mu 2019.

Babatoni siitalikitsa liwu. Waya ukamenyedwa, chikopa chimayankha kamodzi, liwu n'kufa. Woyimba sangabisale kumbuyo kwa mkokomo. Akafuna kuti anthu avine ayenera kumenyanso, pa nthawi yake, ndipo kampata kotsala pakati pa kumenya kuwiri ndi kamene chiuno chimagweramo. Botolo nalo lili ndi ntchito yake: limatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina mosadukiza, monga mawu a munthu amachitira poyankhula, moti besi ya Maligwa imakhala ngati ikuyankha woyimba, osati kungomunyamula.

Gitala ya besi yamagetsi inabwera ndi vuto losiyana. Leo Fender atatulutsa Precision Bass mu 1951 ku California, anaikapo timizere tachitsulo pakhosi kuti woyimba asaphonye liwu, ndi maginito amene amamva nsambo ngakhale ikunjenjemera pang'ono chabe. Zotsatira zake, liwu silifa msanga. Ukalisiya limapitirira mpaka kukalowa m'linzake. Apa ndiye pagona luso lonse: zimene chikopa cha babatoni chimachita chokha, woyimba besi yamagetsi ayenera kuchita ndi manja ake. Chala chakumanzere chimamasuka pang'ono osachoka pa nsambo, chala chakumanja chimabwerera kudzakhala pa nsambo imene yangolira, chala chachikulu chikugoneka zinazo kuti zisalire zosaitanidwa. Wophunzira amayang'ana pomwe liwu layambira. Katswiri amasamala pomwe lathera.

Okonda rege amazidziwa izi ngakhale sanagwirepo gitala. Aston Barrett wa The Wailers ankasiya mipata ikuluikulu, nthawi zina osagunda n'komwe pa kugunda koyamba kwa ng'oma, ndipo kulemera kwa nyimbo za Bob Marley kumachokera m'mipata imeneyo. Kwathu kuno Peter Amidu wa Black Missionaries watenga njira yomweyo kwa zaka zambiri: zala zochepa, liwu lozungulira, lodulidwa mwaukhondo. Anyamata ambiri amene amayesa kuyimba nyimbo za Mablacks m'mabandi a m'midzi amagwira liwu lililonse molondola, koma nyimbo siinyamuka, chifukwa atseka mipata yonse.

Wina anganene kuti nanga Alick Macheso bwanji, poti iye besi yake siipuma? Zoonadi, mkulu ameneyu, wobadwira ku Zimbabwe mu 1968 koma mizu yake ili kuno ku Malawi, anachotsa besi kumbuyo n'kuiika patsogolo pa sungura. Anakulira mu Khiama Boys ya Nicholas Zakaria, kenako anayambitsa Orchestra Mberikwazvo, ndipo chimbale chake cha Simbaradzo cha mu 2000 chinagwedeza chigawo chonse chino. Zala zake zimathamanga mpaka kumtunda kwa khosi la gitala kumene oyimba besi ambiri safikako. Koma tcherani khutu: liwu lililonse ndi lalifupi, louma, loima palokha. Liwiro limenelo limatheka chifukwa amadula msanga kuposa wina aliyense. Zoyimba ndi chigongono kapena phazi zija n'zosangalatsa maso, sindizitsutsa, koma si pamene pali ukulu wake. Chomvetsa chisoni n'chakuti nyimbo zake zikaikidwa m'bokosi lokondera liwu limodzi lija, kapokosera ka besi katafika kumapeto, ntchito yonse ya zala imasanduka phala.

Za nsambo ndinenepo mwachidule. N'zodula, ndipo kuti uzipeze uyenera kukwera kupita ku Zomba m'tauni, mwinanso mpaka ku Limbe kapena Blantyre. Thukuta ndi fumbi zimalowa m'mipiringidzo yake n'kupha kuwala kwa liwu, ndipo fumbi la ku Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, limakhala ndi kamchere, makamaka zaka zimene madzi aphwa monga 1995 ndi 2018. Oyimba ena amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lichoke, ndipo zimatsitsimukadi kwa kanthawi. Komabe nsambo yakale si tsoka. James Jamerson, amene anayimba besi m'nyimbo zochuluka za Motown ku Detroit, sankasintha nsambo pokhapokha itaduka. Nsambo yotopa imatulutsa liwu lonenepa lomwe limafa msanga, ndiye kuti imayandikira babatoni. Wa ku Kachulu amene alibe ndalama ya nsambo zatsopano asadzione wotsalira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi kiyibodi. M'mipingo yambiri ndi m'ma studio ang'onoang'ono, munthu mmodzi amadina batani, makina n'kumayimba ng'oma ndi besi okha. N'zomveka: palibe wogawana naye ndalama, palibe ampulifaya yachiwiri yonyamula. Koma besi ya makina ilibe makutu. Amayi akayamba nthungululu, mpingo n'kuwonjezera liwiro, iyo imapitiriza monga inayambira. Mlaliki akatsitsa mawu, iyo siidziwa kuchepetsa. Woyimba wamoyo amatha kuchedwetsa liwu pang'ono kuti nyimbo ilemere, kapena kulitsogoza kuti anthu adzuke m'mipando, ndipo kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti sikulembeka papepala. Nyimbo zambiri zauzimu zimene zikutuluka masiku ano zimafanana osati chifukwa oyimba alibe mphatso, koma chifukwa pansi pa zonsezo pakuyimba makina amodzimodzi.

Ndiye pali foni. Achinyamata osodza matemba ndi olima mpunga ku Likangala nyimbo zambiri amazimvera pa foni kapena pa kasipika ka Bluetooth, ndipo tizipangizo timeneti sitingatulutse liwu lonjenjemera ka 41 pa sekondi. Chimene chimapulumuka ndi kugunda kwa chala pa nsambo ndi timawu tokwera timene timatsagana ndi liwu lalikulu. Khutu likamva timeneto limadzazitsa lokha chotsalacho. N'chifukwa chake babatoni ya Gasper Nali imamveka bwinobwino pa foni yotchipa, besi ya Macheso nayo imamveka, pamene besi yosalala ya pa kompyuta, imene inkagwedeza mazenera mu studio, imangosowa. Wojambula nyimbo za anthu a kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji akanayamba wayesa nyimbo yake pa foni yoteroyo asanaitulutse, ndipo wa zokuzira mawu akanabweza kapokosera ka besi pang'ono n'kukweza mawu a pakati, jenereta yomweyo ikanakwanira.