Fahdel sanaononge nkhani

Anzanga, mukapeza mpata onerani Homeland: Iraq Year Zero (2015), ngakhale imatenga maola oposa asanu. Abbas Fahdel anajambula abale ake enieni ku Baghdad mu 2002 ndi 2003, asilikali a Amereka asanalowe komanso atalowa. Muwaona akukumba chitsime pakhomo, akumata tepi pa mawindo.

Koma taonani izi. Filimu isanathe n'komwe, mawu amatuluka pa sikirini kukuuzani kuti Haidar, kamnyamata kolongolola ka zaka 12, adzaphedwa. Ena munena kuti waononga nkhani. Ine ndiye ndikukana. A pa TV amangotiwerengera mitembo. Fahdel akufuna muyang'ane mwana wamoyo, akupopa madzi, akutsutsana ndi akuluakulu, inu mukudziwa zomwe iye sakudziwa. Akachita nthabwala museka ndithu, koma mtima uli phaphapha.