Kadontho kosunthidwa dala

Pa mapu amene anatuluka ndi kafukufuku wamkulu wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 pali timadontho 850. Kadontho kalikonse kakuimira dera limene ofunsa mafunso a ofesi ya kalembera ya NSO anafikako, n'kuodira, n'kukhala pamphasa. Tina mwa timadonthoti tili kuno ku Dedza. Koma mutatenga manambala a kadontho kamodzi, n'kuwalowetsa mu foni, n'kuyenda mpaka foniyo itakuuzani kuti mwafika, musayembekeze kupeza mudzi umene unafunsidwa. Mwina mudzapezeka muli m'munda wa kachewere wa munthu wina, mwina m'nkhalango ya paini m'munsi mwa phiri la Dedza, mwina pathanthwe ku Chongoni. Palibe amene analakwitsa. Kadontho kalikonse anakasuntha dala, ndipo kasunthidwe kake ndi ntchito yaluso imene ndimaigomera kwambiri, ngakhale kuti amene amaigwira satchulidwa pawailesi.

Tiyambe ndi zimene anthu amafunsidwa, chifukwa m'pamene pagona nkhani. M'kafukufuku ameneyu amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49 anayankha za ana amene anabereka ndi amene anamwalira, za njira zolera, za amuna amene anakhala nawo malo amodzi, ndipo ena anafunsidwa ngati amuna awo amawamenya. Kafukufuku winanso, wa kakhalidwe ka pabanja, amene NSO yakhala ikuchita kuyambira 1997, amafunsa zimene banja ladya m'masiku asanu ndi awiri apitawo, matumba amene linakolola, ngongole, ganyu, ndi ndalama zimene mwana amatumiza kuchokera ku Joni. Izi ndi nkhani zimene mayi sangauze ngakhale mlamu wake. Amauza mlendo wonyamula chikwama chifukwa cha mawu amene mlendoyo amayamba nawo: Amayi, zonse zimene mundiuze zikhala zachinsinsi, ndipo dzina lanu silidzaoneka paliponse.

Wonena mawuwa amagona masiku ochepa m'deralo n'kupita. Amene amatsala ndi udindo wowakwaniritsa ndi anthu ena, okhala pa kompyuta ku Zomba, amene sanawaonepo mayiwo. Lamulo limawamanga. Lamulo la kalembera la 1967, ndi la 2013 limene linalowa m'malo mwake, amati ogwira ntchitoyi azilumbira kusunga chinsinsi, ndipo woulula amalangidwa. Mfundo zimene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1994 zimanenanso chimodzimodzi, kuti zimene munthu wauza akalembera zigwire ntchito yowerengera basi. Sizipita kwa okhometsa msonkho, sizipita kupolisi. Kwa ife mfundo imeneyi ndi yolemera, pakuti m'nthawi ya atsamunda kuwerenga anthu kunkayendera limodzi ndi msonkho wa nyumba, ndipo makolo athu anaphunzira kuti munthu wobwera ndi buku ndi wofunika kumubisira zina.

Kutsekera mayankho onse m'kabati kukanakhala kosavuta. Koma pamenepo mayi uja akanataya nthawi yake pachabe. Mayankho ake amakhala ndi phindu akafika kwa wophunzira wa ku Bunda amene akufuna kudziwa chifukwa chake ana akupinimbira m'dera limene limadyetsa Lilongwe mbatata ndi nyemba, kapena kwa dokotala wofufuza za imfa za amayi pobereka. Ndiye ntchito ilipo: kutulutsa mayankho m'njira yoti anene zoona za anthu onse, koma osaloza munthu mmodzi.

Kufufuta dzina ndi chiyambi chabe. Mu 1997 Latanya Sweeney, ali wophunzira ku America, anagula ndi madola 20 kaundula wa ovota wa mzinda wa Cambridge. Anamuyerekeza ndi zolembedwa za kuchipatala zimene boma la Massachusetts linatulutsa litachotsamo maina, ndipo anapezamo mbiri ya matenda ya bwanamkubwa William Weld. Zinamukwanira zinthu zitatu: tsiku lobadwa, kuti munthuyo ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya dera la positi. Kumudzi kwathu n'kosavuta kuposa pamenepo. Tinene kuti fayilo ikuti pali mayi wamasiye wa zaka 43, wa ana asanu ndi mmodzi, nyumba yake ndi yamalata, ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. M'boma la Dedza, limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu 830,512, amayi otere angakhalepo angapo. Koma mukangotchula mudzi, ngakhale mwana wa sitandade 4 akulozerani khomo. Chimene chimaulula munthu kwambiri ndi malo, n'chifukwa chake luso lalikulu lili pa kadontho.

Amachita chonchi. Choyamba, kadontho sikaimira nyumba ya munthu. Kamaimira pakati pa dera lonse lowerengera, momwe anasankhamo mabanja 33 ngati ndi kumudzi kapena 30 ngati ndi m'tauni. Kenaka kompyuta imasankha mwamaere mbali yoti kadonthoko kalowere, paliponse pa madigiri 360 a kampasi. Imasankhanso mwamaere mtunda: osapitirira makilomita 2 m'tauni, osapitirira makilomita 5 kumudzi. Kusiyanaku kuli ndi chifukwa chake. Ku Ndirande, m'kati mwa makilomita awiri muli anthu ochuluka zedi oti munthu n'kusoweramo. Ku Mayani kapena ku Lobi, kuti mupeze khamu lotero muyenera kutambasula mtunda.

Pali kanthu kena kamene ndimakakonda koposa zonse. Mwa madera 100 alionse a kumudzi, limodzi kadontho kake kamaloledwa kupita kutali mpaka makilomita 10. M'kafukufuku uja madera a kumudzi analipo 677, kutanthauza kuti timadontho totere sitinakwane ndi khumi tomwe. Wina angafunse kuti timadontho tochepa chonchi tingateteze ndani. Timateteza onse. Pakanakhala kuti malire ndi makilomita 5 kwa aliyense, munthu wa maganizo oipa akanajambula mzere wozungulira, n'kuona kuti m'katimo muli midzi iwiri yokha, n'kuyamba kufunsafunsa. Koma poti palibe amene amauzidwa kuti kadontho kopita kutali ndi kati, sangatsimikize ngakhale pa kamodzi. Amene anaganiza zimenezi anapeza njira yoikira chikayiko pa mapu onse atangosokoneza pang'ono penipeni.

Kuno ku Dedza ntchitoyi imakumana ndi mayeso ake. Kuchokera paboma kulowera ku Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire, moti tsidya lina la msewu ndi ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Kadontho ka mudzi wa kufupi ndi msewuwo kakaponyedwa chakumadzulo kakhoza kugwera kunja kwa dziko. Ka chakummwera kakhoza kulowa m'boma la Ntcheu. Okonza njirayi anaziganizira: kadontho kakadumpha malire, kompyuta imakabweza n'kuchitanso maere mpaka katagwera m'boma lake lomwe. Choncho wofufuza sadziwa mudzi, koma akamati awa ndi mabanja a ku Dedza amakhala akunena zoona.

Vuto lina ndi la mapiri. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene Mtakataka ndi Golomoti, m'boma lomweli, zili kutsidya kwa matsitso, kufupi ndi nyanja. Pachigwa chafulati makilomita asanu sasintha zambiri. M'mphepete mwa matsitso amenewa, makilomita asanu akhoza kukuchotsani kumalo a chifunga ndi mapichesi n'kukufikitsani kumene kwayamba kutentha ndi udzudzu. Kukwera kwa malo kumakhudzanso magazi a munthu. Wokhala pamwamba, kumene mpweya ndi wopepuka, magazi ake amayezeka okwererapo, moti mwana wochepa magazi wa ku Bembeke angaoneke ngati ali bwino mutamuyeza ndi muyeso wa kunyanja. N'chifukwa chake m'kafukufuku wa 2015 uja, kumalo opitirira mamita 1,000 ankachotserako pa zimene makina aonetsa. Masamu amenewa amachitiratu okonza fayilo, ndipo wofufuza amalandira nambala yokonzedwa kale. M'kafukufuku wa pabanja amachitanso zofanana: amawerengeratu mtunda wokafika kumsewu waukulu, kumsika wa ADMARC, kuboma ndi kuchipata cha m'malire, n'kupereka manambalawo, malo enieni a nyumba n'kutsala m'manja mwawo. Uku n'kumuganizira wofufuza, kumupatsa chimene amafunadi kuti asakhale ndi chifukwa chopemphera chimene sayenera kuona.

Nkhani ya magazi ili ndi mbali ina yofunika kuiona pafupi. Poyeza kachilombo ka HIV m'kafukufuku wa 2004, 2010 ndi wa 2015 uja, munthu akavomera ankamubaya pachala n'kudonthetsera magazi pa kapepala kapadera. Pa kapepalako sankalembapo dzina. Ankamatapo kachizindikiro ka timizeremizere, kena kofanana nako n'kumata pa fomu ya mafunso, kachitatu pa pepala lotumizira. Magaziwo akauma ankawatsekera m'kajumbo pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyontho, n'kuwatumiza ku labotale. Kumeneko sankathamangira kuyeza. Ankadikira mpaka mayankho onse atalowetsedwa mu kompyuta, manambala a madera ndi a mabanja atasokonezedwa, ndipo mapepala okhala ndi maina atawonongedwa. Pofika tsiku limene zotsatira zinkadziwika, panalibe munthu padziko lapansi amene akanatha kubwerera nazo pakhomo la mwini magazi, ngakhale atafuna, ngakhale atakakamizidwa. Komabe dziko linadziwa kuti mu 2010 anthu 10.6 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi kachilomboka, ndipo pa kafukufuku wotsatira anali 8.8. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera. M'dziko limene kutenga magazi kungadzutse mantha otere, dongosolo la timapepala titatu tija si nkhani yaing'ono.

Fayilo ikakonzedwa chonchi, sikuti imangoikidwa pamtetete. Wofufuza amayenera kulembetsa, kunena kumene amagwira ntchito kapena kuphunzira, ndi kufotokoza kafukufuku wake: akufuna kudziwa chiyani, ndipo mayankho a dziko liti ndiwo amuthandize. Amalonjeza kuti fayiloyo sadzagawira mnzake amene sanalembetse, kuti akafuna kuigwiritsa ntchito pa kafukufuku wina adzapemphanso, ndiponso kuti sadzayesera kuzindikira munthu, banja kapena mudzi. Timadontho ta pamapu, ngakhale n'tosunthidwa kale, timapemphedwa padera. Mayankho a HIV nawonso ali ndi malonjezo awoawo. Ku yunivesite ya Minnesota kuli nkhokwe yotchedwa IPUMS, imene imasunga gawo limodzi mwa magawo khumi a kalembera wathu wa 1987, 1998 ndi 2008. Kumeneko dera lililonse la anthu osakwana 20,000 amaliphatikiza ndi loyandikana nalo, ndipo chilolezo chimatha pakapita chaka. Ife a kuno si alendo pa chinsinsi chokhala ndi makomo angapo: zojambula za pamiyala ya ku Chongoni aliyense akhoza kukaziona, koma matanthauzo ake ankauzidwa kwa amene wavinidwa.

Mtengo wake ulipo, ndipo sindikufuna kuubisa. Amene akufufuza ngati kutalika kwa mtunda wopita kuchipatala kumachititsa amayi kuchirira kunyumba, kadontho kosunthidwa kamamusokoneza. Mudzi umene uli kuseri kwa phiri ukhoza kuoneka ngati uli pafupi ndi chipatala, ndipo zotsatira zake zimazilala. Ofufuza osamala amadziwa zimenezi. Sakhulupirira kadonthoko monga kalili. Amajambula mzere wozungulira, makilomita 2 m'tauni ndi 5 kapena 10 kumudzi, n'kutenga pakatikati pa mvula kapena nthaka ya m'dera lonselo. Ndamvapo ena akudandaula kuti malamulowa amachedwetsa ntchito, ndipo kudandaulako n'komveka. Koma ndikayeza zinthu ziwirizi, wofufuza wataya kulondola pang'ono, pamene mayi amene anaulula za nkhanza za m'banja akanataya mtendere wa panyumba pake. Ine ndili kumbali ya kadontho kosuntha.

Ntchitoyi ikunka ikulemera. Kalembera wa 2018 anachitika ndi matabuleti, ndipo ochita kafukufuku wa pabanja amazungulira munda ndi makina a GPS kuti adziwe kukula kwake. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mlengalenga tsopano zimaonetsa denga lililonse la malata. Lamulo loteteza mbiri ya munthu limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa, la 2024, labwera pa nthawi yake. Ndipo pa mafunso amene sangayankhidwe popanda malo enieni, pali njira imene ndikufuna itazika mizu kwathu kuno. Ofesi ya kalembera ya ku Britain, kuyambira cha m'ma 2003, imayang'ana zinthu zisanu isanalole munthu: ngati ntchitoyo ndi yoyenera, ngati munthuyo ndi wodalirika ndipo anaphunzitsidwa, malo amene agwirirepo ntchito, mmene fayilo yakonzedwera, ndi zimene atuluke nazo. Fayilo sipita kwa wofufuza. Wofufuza ndiye amapita kwa fayilo, m'chipinda chimene amasiya foni pakhomo, pa kompyuta imene sangakoperepo kanthu. Wophunzira wa ku Bunda akhoza kukhala m'chipinda chotere ku Zomba, n'kuona midzi ya ku Bembeke pamalo ake enieni, n'kuwerengera mtunda weniweni wokafika kuchipatala. Akamaliza, matebulo ake amayamba aonedwa ndi wogwira ntchito wolumbira. Kabokosi kena kakapezeka kuti kali ndi amayi atatu okha, tebulolo silituluka. Amamubwezera kuti akaphatikize dera limenelo ndi loyandikana nalo, kenaka abwere nalonso.